Kochi wa quarterback: ntchito yake muione kumapazi

Wowerenga wina amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, walemba motere: "Ndatha zaka 3 kuno ndipo anzanga a kuntchito andikopera ku mpira wawo uja woponya ndi manja. Malamulo ndayamba kuwamvetsa. Chikundizunguza mutu ndi ichi: timu ikangoluza, ena amayamba kufuula kuti kochi wa quarterback achotsedwe. Ine pa TV ndimaona kochi wamkulu, ndimaonanso wina uja amabisa pakamwa ndi chipepala akamaitana masewero. Nanga wachitatuyu ntchito yake n'chiyani? Munthu wolandira mamiliyoni a madola, amene wakhala akuponya mpira chiyambire ali kamwana, angaphunzitsidwenso kuponya?"

Achimwene, angaphunzitsidwe ndithu, koma osati m'njira imene anzanuwo akuganizira. Ndipo mwafunsira pamalo oyenera, chifukwa yunivesite ya Notre Dame ili pakhomo panu pomwepo, ndipo awiri mwa anthu amene ndiwatchule pano, Joe Montana ndi Tom Clements, anasewera pabwalo limenelo.

Tiyambire pa zimene tonse tinakula nazo. Timu ya mpira wamiyendo imakhala ndi kochi wa magoloboyi. Sasankha timu, atolankhani samufunsa kanthu gemu ikatha, ndipo ochemerera ambiri ndi dzina lake lomwe salidziwa. Koma goloboyi akayamba kutuluka molakwika pa makona sabata ndi sabata, odziwa mpira amatembenukira kwa iyeyo. Kochi wa quarterback ndi wotero, kungoti mwana wake, quarterback, woponyera anzake mpira uja, ndi amene amagwira mpira pafupifupi pa sewero lililonse timu ikamaukira, ndiye akatsokomola, timu yonse imadwala.

Mu NFL, ligi ya matimu 32 ija, pamwamba pamakhala kochi wamkulu. Pansi pake pali woyendetsa gulu lonse loukira, amene eni ake amamutcha offensive coordinator. Wachipepala mwamuona uja kawirikawiri ndi ameneyu, ngakhale m'matimu ena kochi wamkulu amaitana yekha masewero. Kenako pamabwera makochi a malo osiyanasiyana, ndipo wathuyu ndi mmodzi wa iwo. Mwa osewera 53 amene timu imaloledwa kukhala nawo, iye amapatsidwa anyamata awiri kapena atatu basi. Ali ndi kachipinda kawo ndi sikirini yawo, ndipo sizoni ikayamba amakhala m'menemo kuyambira m'bandakucha.

Kuti mumvetse zimene amachita m'kachipindamo, werengani masekondi. Mpira ukangofika m'manja mwa quarterback, amakhala ndi masekondi 3 kapena kucheperapo asanamupeze anthu olemera makilogalamu oposa 120 amene akubwera kudzamugwetsa. M'kanthawi kameneko munthu saganiza, thupi limangochita zimene linazolowera. Ntchito ya kochiyu ndi kukonzeratu zimene thupi ndi maso zidzachite pamene mutu ulibe mpata. N'chifukwa chake ine ndikafuna kudziwa ngati quarterback akuphunzitsidwa bwino, mkono ndimausiya kaye. Ndimayang'ana mapazi.

Amene anatsegula maso anthu ambiri pa zimenezi ndi Bill Walsh, panthawi imene anali wothandizira chabe wa kochi wamkulu Paul Brown ku Cincinnati Bengals, kuyambira 1968 mpaka 1975. Mu 1969 timuyi inapeza mnyamata wotchedwa Greg Cook, wamtali, wamkono ngati legeni, woti mpira ankaufikitsa kulikonse. Chaka chomwecho Cook anavulala phewa, ndipo mpira wake unathera pomwepo. Walsh anatsala ndi Virgil Carter, munthu wanzeru ndi wothamanga koma wamkono wosafika patali. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Walsh sanalimbane ndi kutalikitsa mkono wa Carter. Anakonza masewero a mipira yaifupi, yotuluka msanga, ndipo anamangirira kathamangidwe ka owakha mpira ku masitepe a woponyayo. Mu 1971 Carter anatsogola ligi yonse pa kufikitsa mipira m'manja mwa anzake, pa mipira 100 iliyonse yoposa 62 inkafika. Kaseweredwe kameneka ndi kamene pambuyo pake kanatchuka ndi dzina loti West Coast offense, Walsh atakhala kochi wamkulu wa San Francisco 49ers mu 1979 n'kusankha Joe Montana wa pa Notre Dame panupo.

Ndikuonetseni pafupi mmene zimakhalira. Tinene kuti sewero likufuna masitepe 5 obwerera m'mbuyo. Quarterback woponyera kumanja amalandira mpira, n'kuponda atatu aakulu kuti atalikirane ndi chipwirikiti, kenako awiri aang'ono oti aime bwino. Pa sitepe lachisanu phazi lamanja limamira pansi. Panthawi yomweyo wowakha woyamba, amene wathamanga mayadi ake owerengeka, amakhala akukhota. Ngati ali poyera, mpira uzipita pomwepo, iye asanacheuke n'komwe. Ngati wadindidwa, quarterback amasendera kutsogolo kamodzi, maso n'kupita kwa wachiwiri. Ameneyonso akakhala kuti ali ndi mlonda, amasenderanso kamodzi n'kupereka kampira kakafupi kwa wachitatu. Zikakanika apa, nthawi yatha: athawe nawo kapena autaye kunja. Mwaona kuti mapazi ndiwo wotchi yake. Sawerenga masekondi m'mutu, miyendo ndiyo imamuuza kuti chokapo apa. Sitepe limodzi likangotalika kapena kuchedwa, mpira umafika wowakha atadutsa kale, ndipo ife pa TV timati mkono waphonya.

Yesani izi Lamlungu likubwerali. Akamabwereza sewero pang'onopang'ono, phimbani theka lakumtunda la sikirini ndi nyuzipepala, musiye miyendo yokha. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri mukutha kulosera ngati mpirawo ufike kapena ayi. Mapazi akamavinavina pamalo amodzi, kapena phazi lakutsogolo likaloza kwina mpira ukupita kwina, kapena munthu akaponya akugwera chagada pomwe palibe womukankha, dziwani kuti Lolemba m'kachipinda muja muli mlandu. Kochi amaimitsa kanema pamenepo, n'kubweza, n'kubwezanso, mpaka mwini wake aone yekha.

Walsh anachitanso zomwezo ndi Ken Anderson, amene Bengals inamutola mu 1971 ku kakoleji kakang'ono ka Augustana. Anamuyamba ngati mwana wa sitandade 1: kaimidwe, kagwiridwe ka mpira, kabwereredwe m'mbuyo. Anderson anadzakhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 1981, ndipo mu January 1982 anakumana ndi mphunzitsi wake wakaleyo pa Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana ukatswiri wa ligi. Walsh ndi Montana anawina 26 kwa 21. Mbali zonse ziwiri za bwalo kunali mapazi osulidwa ndi munthu mmodzi.

Nanga mkono weniweniwo sungakonzedwe? Ungathe, koma pamafunika nthawi yambiri imene makochi a masiku ano sakhala nayo. Aaron Rodgers atafika ku Green Bay Packers mu 2005, anabwera ndi chizolowezi cha ku koleji yake ya California chonyamula mpira m'mwamba, pafupi ndi khutu, thupi lili gwa ngati msilikali wa pa perete. Mu 2006 kunabwera kochi wamkulu watsopano, Mike McCarthy, ndipo kachipinda ka ma quarterback anakapereka kwa Tom Clements, amene anawinitsa Notre Dame ukatswiri wa makoleji mu 1973, n'kukasewera zaka zambiri ku Canada, n'kukhalaponso loya. Miyezi imene kulibe magemu ankakhala ndi sukulu yawoyawo ya ma quarterback. Mpira wa Rodgers unatsika kufika pachifuwa, mapewa anamasuka, ndipo anaphunzira kuponya thupi litapendekera kulikonse. Zimenezi zinatheka chifukwa Rodgers anakhala pabenchi zaka 3 zathunthu kumbuyo kwa Brett Favre. Panalibe gemu yoti aithamangire, ndiye ankatha kuphwasula kaponyedwe kake n'kukamanganso. Anayamba kusewera mu 2008, anatenga Super Bowl mu February 2011, ndipo sizoni ya 2011 anaponya ma touchdown 45, zomwe ndi zigoli za mpira umenewu, adani n'kumuwakhira mipira 6 yokha. Rodgers mwini wake wakhala akutchula Clements poyera ngati munthu amene anamuumba, ndipo Packers inamuitananso mkuluyu mu 2022 atapuma kale ntchito.

Koma apa mpomwe funso lanu limavutira. Kuyambira mu 2011, mgwirizano wa pakati pa ligi ndi bungwe la osewera unadula kwambiri nthawi imene makochi amaloledwa kukhala ndi osewera kunja kwa sizoni. Masiku ano ndi masabata 9 okha, kuyambira cha mu April. Ndipo sizoni ikayamba, palibe kochi wanzeru amene amagwira kaponyedwe ka munthu, chifukwa simungamasule injini galimoto ili paulendo. Ndiye ntchito yokonza mkono yambiri inasamukira kwa aphunzitsi apadera amene osewera amawalipira okha. Tom House, amene kale ankaponya mpira wa baseball, anagwira ntchito ndi ma quarterback otchuka Drew Brees komanso Tom Brady. Jordan Palmer ndi amene amadziwika ndi Josh Allen wa Buffalo Bills.

Nkhani ya Allen ndi imene anthu amakonda kuitchula, ndipo ndi yabwino chifukwa imasonyeza kuvuta kogawa ulemu. Mu 2018, chaka chake choyamba, mipira yake yofika inali 52.8 pa 100 iliyonse. Mu 2019 inafika 58.8. Mu 2020 inalumpha kufika 69.2. Kukwera kotereku sikuoneka kawirikawiri, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti munthu wophonya amafa ali wophonya. Tsono tithokoze ndani? Palmer ndi akatswiri ena anamuthandiza kuti mphamvu izichokera m'chiuno, mkono uzitsatira pambuyo. Ken Dorsey, kochi wa quarterback wa timuyo kuyambira 2019, ndiye ankaonetsetsa tsiku ndi tsiku kuti zimene waphunzira m'chilimwe zisasungunuke magemu akatentha. Brian Daboll ndiye ankaitana masewero. Ndipo mu 2020 momwemo timu inagula Stefon Diggs, wowakha mpira amene amadziwa kudzichotsa pa mlonda. Wina akakuuzani kuti akudziwa gawo lenileni la aliyense mwa anthu amenewa, akukunamizani. Chimene ndinganene n'choti popanda munthu wa tsiku ndi tsiku uja, zizolowezi zakale zimabwerera mwezi usanathe, makamaka quarterback akamenyedwa kawiri katatu.

M'kati mwa sizoni, ntchito yaikulu ya kochiyu imachoka kumapazi n'kupita kumaso. Matimu ambiri sabata yawo imayenda mofanana. Lolemba amaonera gemu yadzulo. Lachiwiri osewera amapuma, makochi ali kalikiliki kukonza mapulani, ngakhale ma quarterback akhama amatulukira ndithu. Lachitatu amaphunzira masewero a mwayi woyamba ndi wachiwiri, pa mwayi unayi umene timu imapatsidwa kuti isunthe mpira mayadi 10, Lachinayi a mwayi wachitatu, uja woti mukalephera kawirikawiri mupereka mpira kwa adani, Lachisanu a pafupi ndi mzere wa chigoli. Kochi wa quarterback amadula kanema wa adani m'tizidutswa n'kutisanja. Amatha kusonkhanitsa nthawi zonse zimene timu ija inakhala ikuteteza mwayi wachitatu kutatsala mayadi 7, n'kumuonetsa mnyamata wake kuti taona, wotchinga kumbuyo uyu akaima phazi lamanzere kutsogolo ndiye kuti akubwera kudzakugwetsa, akayang'ana kumbali ndiye kuti akunamizira. Sangamuuze zonse zimene waona. Luso lake lagona pa kusankha zinthu ziwiri kapena zitatu zoti munthu azikumbukire anthu 70,000 akukuwa. Kochi wosadziwa ntchito amathira zonse m'mutu mwa mwana, ndipo Lamlungu mumaona quarterback akuyang'ana uku ndi uku mpaka kugwidwa ndi mpira m'manja. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kumapeto kwa sabata pamakhalanso kanthu kena kamene anthu sakadziwa. Quarterback amapatsidwa mndandanda wa masewero onse, n'kuchonga amene akuwakonda ndi amene mtima wake sukuwalandira. Mnyamata wa zaka 23 sangapite kwa coordinator kukanena kuti bwana, sewero lanu lija mwagona nalo usiku wonse ine sindikulifuna. Amauza kochi wake, ndipo kochiyo ndiye amadziwa kakambidwe kake. Kwathu tikanati ndi nkhoswe.

Za maso zimenezi, chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha New England Patriots. Kochi wawo wa quarterback, Dick Rehbein, ndi amene anatumidwa kukaona mnyamata woonda wa ku Michigan chisankho cha osewera atsopano cha 2000 chisanachitike, ndipo anabwerako akumuyamikira. Timu inamusankha pa nambala 199. Dzina lake Tom Brady. Rehbein anamwalira ndi matenda a mtima mu August 2001, ali ndi zaka 45, asanaone mwana wakeyo akuyamba gemu ngakhale imodzi. Kochi wamkulu Bill Belichick sanalembe wina m'malo mwake chaka chimenecho. Iye mwini, munthu amene moyo wake wonse ankaphunzitsa zotchinga, anayamba kukhala pansi ndi ma quarterback pamodzi ndi coordinator Charlie Weis. Ndiye taganizani: mnyamata akuphunzira kuwerenga adani kuchokera kwa munthu amene ntchito yake ndi kutchera misampha yomweyo. Mu September 2001 quarterback woyamba Drew Bledsoe anavulala, Brady analowa, ndipo mu February 2002 anatenga Super Bowl yoyamba mwa 7 zake. M'nkhani imodzi yomweyi muli ntchito ziwiri za kochi wa quarterback: kuona munthu amene ena onse akumudutsa, ndi kumuphunzitsa kuona.

Tsiku la gemu, mphamvu za kochiyu zimachepa kuposa mmene anzanu akuganizira. Kuyambira 1994 chisoti cha quarterback chimakhala ndi kawailesi, n'chifukwa chake mumaona kadontho kobiriwira kumbuyo kwake. Koma mawu amene amamveka m'menemo kawirikawiri ndi a woitana masewero, ndipo kawailesiko kamadulidwa pakatsala masekondi 15 pa wotchi ya masekondi 40 imene timu imapatsidwa kuti iyambe sewero lotsatira. Nthawi ya kochi wathuyu ndi pamene gulu loukira latuluka m'bwalo. Muyang'ane pabenchi: quarterback wavula chisoti, thukuta lili kamukamu, ndipo pambali pake pakhala bambo wina atanyamula tabuleti, chala chili pa chithunzi. Zimakhala zithunzi zosayenda, china chojambulidwa mpira usanayambe, china utangoyamba. Amakhala ndi mphindi zochepa zoti anene kuti uja unkamuyesa akubwera sanabwere, anabwerera kumbuyo, ulendo uno ukamuona waima choncho ponya kumanzere. Makochi ena amakhala m'chipinda cham'mwamba pa sitediyamu n'kumalankhula pa foni, chifukwa kumwambako bwalo limaoneka lonse.

Pabenchi pomwepo pamachitikanso ntchito ina yosalembedwa pa kontirakiti. Brett Favre atafika ku Green Bay mu 1992 kuchokera ku Atlanta, anali ndi mkono woopsa ndi mutu wouma. Mu 1993 anaponya ma touchdown 19, adani n'kumuwakhira mipira 24. Kochi wamkulu Mike Holmgren, amenenso anayambira pa ukochi wa quarterback ku San Francisco, anali munthu wa mtima wapachala, ndipo nkhani yodziwika ndi yoti mu 1994 anaganizapo zomukhazika Favre pabenchi n'kulowetsa Mark Brunell. Amene ankaima pakati pa awiriwa ndi Steve Mariucci, kochi wa quarterback kuyambira 1992 mpaka 1995. Ukali wa bwana unkayamba wagwera iye, kenako iye n'kuusefa, n'kukafikitsa kwa Favre mawu okhawo amene angamuthandize. Mu 1994 Favre anaponya ma touchdown 33, yowakhidwa ndi adani n'kutsika kufika 14, ndipo kuyambira 1995 anakhala wosewera wopambana mu ligi zaka 3 zotsatizana. Mkono unali womwewo. Chinasintha n'choti anaphunzira nthawi yoti mpira autaye kunja m'malo moukakamiza pakati pa adani atatu. Amene anadzakhala pampando wa Mariucci mu 1997 ndi 1998 ndi Andy Reid, yemwe uja wa Kansas City Chiefs ndi Patrick Mahomes. Kampando kameneka n'kakang'ono koma kamabala makochi aakulu.

Tsopano malire ake, kuti musabwerere kuntchito mukuganiza kuti kochiyu ndi sing'anga. Tim Tebow anali katswiri wa makoleji, wolimbikira kuposa aliyense, koma mkono wake unkazungulira njira yaitali mpira usanatuluke. Aphunzitsi angapo anayesa kuufupikitsa. Pa maphunziro zinkaoneka ngati zatheka, gemu ikatentha mkono unkabwerera kwawo. Mu 2011 ku Denver mipira yake yofika inali 46.5 pa 100. David Carr anagwetsedwa ka 76 m'chaka chake choyamba ku Houston mu 2002, chifukwa zimphona zomutchinjiriza zinali ngati mpanda wa mapesi. Munthu womenyedwa choncho maso ake amatsika, amasiya kuyang'ana owakha n'kumayang'ana omugwetsa, ndipo palibe kanema wa Lolemba amene angachize zimenezo. Ndiye pali Alex Smith, amene anasankhidwa woyamba mu 2005 ku San Francisco n'kukhala ndi ma coordinator 7 m'zaka 7. Aliyense ankabwera ndi mayina ake a masewero ndi kawerengedwe kake ka masitepe, ngati mwana wosinthidwa sukulu chaka chilichonse, chilankhulo chophunzirira n'kumasinthanso. Anthu anamutcha wolephera. Mu 2011 atapeza makochi omumvetsa pansi pa Jim Harbaugh, adani anamuwakhira mipira 5 yokha ndipo timu inawina magemu 13 mwa 16. Apa mpamene ndimasiyana ndi anzanu ofuula aja: kuchotsa kochi nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi quarterback yemweyo akufuna kumupulumutsayo.

Nanga mungamuyeze bwanji kochi ameneyu, poti katswiri weniweni amatha kubisa uphunzitsi woipa? Ine muyeso wanga ndi wa pabenchi. M'kati mwa sizoni, quarterback woyamba amatenga pafupifupi mpata wonse pa maphunziro. Wachiwiri amangoima kumbuyo n'kumatsanzira masitepe opanda mpira, kapena kusewera ngati mdani kuti otchinga a timu yake ayeserere. Amene amatsala naye maphunziro akatha, kumuyendetsa m'masewero onse a sabatayo bwalo lili pululu, ndi kochi wa quarterback. Ndiye tsiku limene woyamba wavulala kapena wapumitsidwa, ntchito ya kochiyu imaonekera poyera.

Pa 1 January 2012 Packers inapumitsa Rodgers n'kulowetsa Matt Flynn, amene anasankhidwa mu raundi yomaliza mu 2008. Flynn anaponya mayadi 480 ndi ma touchdown 6 pogonjetsa Detroit 45 kwa 41. Seattle inamupatsa ndalama zambiri chaka chomwecho, koma kumeneko malo anamulanda Russell Wilson, ndipo Flynn sanakhazikikenso kwina kulikonse ngati woyamba. Ine ndimawerenga gemu imene ija ngati satifiketi ya Clements ndi kachipinda kake.

Mu December 2017 Carson Wentz wa Philadelphia Eagles anaduka mtsempha wa bondo timu ili pamwamba. Nick Foles atalowa, magemu omaliza a sizoni anasewera mokayikitsa, ndipo ambiri anaitaya timuyo. Kochi wamkulu Doug Pederson, coordinator Frank Reich ndi kochi wa quarterback John DeFilippo anakafukula kanema wa 2013, chaka chimene Foles anaponya ma touchdown 27 n'kuwakhidwa kawiri kokha, kuti aone masewero amene ankamukhala bwino, makamaka aja oti quarterback amasankha pompopompo kupereka mpira kwa wothamanga kapena kuuponya. Anasoka malaya pa thupi la Foles m'malo momuveka a Wentz, zomwe zija anachita Walsh ndi Carter. Pa 4 February 2018 Eagles inagonjetsa Patriots 41 kwa 33. Koma onaninso mbali inayo: DeFilippo anakwezedwa kukhala coordinator ku Minnesota ndipo anachotsedwa chaka chisanathe. Kudziwa kulera munthu mmodzi ndi kudziwa kuitana masewero ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ndipo mu 2022 San Francisco itataya ma quarterback ake Trey Lance ndi Jimmy Garoppolo chifukwa chovulala, inalowetsa Brock Purdy, wosankhidwa womaliza weniweni pa nambala 262, n'kuwina magemu 5 otsala a sizoni amene iye anayamba. Kochi wake, Brian Griese, anali atangochoka kumene pa ntchito yofotokoza mpira pa TV.

Ndiye anzanuwo akayambanso kufuula Lolemba, afunseni kuti aona chiyani. Ngati quarterback akubwereza cholakwa chimodzimodzi masabata 4, mapazi akumwazika, maso akukakamira pa munthu mmodzi, ndiponso wachiwiri akalowa akuoneka ngati sanamvepo za masewerowo, mlandu ungagwere kochi wa quarterback ndithu. Koma ngati owakha onse akumadindidwa, kapena munthu akugwidwa asanamalize masitepe ake, kapena masewero ake ndi odziwikiratu moti inu pampando mukuwalosera, akulozera chala munthu wolakwika. Matimu enieniwo amadziwa zimenezi. Mu November 2023 Buffalo itawina magemu 5 n'kuluza 5, Allen akutaya mipira, amene anachotsedwa ndi Ken Dorsey, yemwe panthawiyo anali atakwera kukhala coordinator, ndipo ntchito yake anaipereka kwa kochi wa quarterback, Joe Brady. Timu inamaliza ndi 11 kwa 6. Chaka chotsatira mipira ya Allen yowakhidwa ndi adani inatsika kuchoka pa 18 kufika pa 6, ndipo anasankhidwa wosewera wopambana mu ligi. Amene ankakhala naye pabenchi ndi tabuleti chaka chimenecho ndi Ronald Curry. Kawafunseni anzanuwo ngati dzinali analimvapo.